Mfuti yakale ya .303 ikamachita dzimbiri chaka ndi chaka: kuizindikira, kuitsuka ndi kuisunga

Dandaulo limakhala lomwelo, ndipo limabwera mvula ikakhazikika. Munthu watulutsa mfuti imene amalume ake anasiya, waikwecha, waidzoza oyilo mpaka kunyezimira, waibisa. Pofika mwezi wa Malichi akaione, dzimbiri labwerera mwakale, mwinanso loposa poyamba. Chaka chamawa amakwecha mwamphamvu, n'kuwonjezera oyilo. Zaka zitatu zikatha zilembo zafufutika, thabwa lada bii, ndipo m'kati mwa mpope mwadyeka.

Pa mfuti zambiri zakale kuno kum'mawa kwa Zambia, vuto si kuchepa kwa oyilo. Vuto ndi mchere umene unatsalira m'mpope, chinyezi cha malo amene ikusungidwa, ndi dzanja la wokonzayo. Mwa zitatuzi, dzanja ndilo limawononga msanga. Dzimbiri limadya pang'onopang'ono kwa zaka makumi asanu, koma sandipepala ndi giraindala zimamaliza ntchitoyo masana amodzi.

Musanaigwire n'komwe

Mfuti iliyonse imene mwaipeza kudenga, m'nkhokwe kapena m'thunki muziitenga ngati ili ndi chipolopolo m'kati. Wonga wa zaka 80 umatha kuyaka. Lozani mpope pansi pofewa, kutali ndi anthu, chala chisayandikire chokhethemulira. Ngati ndi ya magazini, dinani kachitsulo kali kutsogolo kwa chokhethemulira, magazini ituluke, kenaka kokani bolt, chitsulo chokhala ndi chogwirira chimene chimatseka mpope kumbuyo, muone m'kati ndi maso, mupisenso chala. Ngati bolt yakana kutseguka, imani pomwepo. Musaimenye ndi hamala, musaiyandikize kumoto, musaipereke kwa owotcherera pamsika.

Gogodela ndi yovuta kuposa pamenepo chifukwa ilibe potsegula kumbuyo. Lowetsani ndodo yowongoka m'mpope mpaka yaima, ikani chizindikiro pakamwa pa mpope, itulutseni muiyeze kunja. Ikaperewera kufika pamene pali kabowo ka moto, muli kanthu m'katimo. Alenje akale ankaisunga yothirathira. Pochita zimenezi nkhope ndi chikhatho zisakhale pakamwa pa mpope.

Chachiwiri ndi pepala. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act, Cap 110, silisiyanitsa mfuti yonyezimira ndi yadzimbiri, zonse zimafuna laisensi. Ndipo laisensi siyenda ndi chuma chamasiye. Kaya kwanu ndi kwa Achewa kumene katundu wa amalume amagwera mwana wa mlongo wawo, kaya ndi kwa Angoni kumene amatsata kwa atate, laisensi inali ya malemuwo. Pitani kupolisi mukafotokoze kaye, mutenge mapepala akale ngati alipo, iwo akuuzeni kanyamulidwe kake. Osangotulukira nayo pakauntala itakulungidwa m'chitenje.

Pali mfuti zina zimene nkhani ino siikhudza. Midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete, Petauke ndi Nyimba inaona zambiri m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ndipo mpaka pano khasu limatha kufukula AK-47 kapena G3. Izo munthu wamba sakonza ndipo sasunga. Zisiyeni pomwepo, dziwitsani a mfumu ndi apolisi, makamaka ngati pafupi pali zina zooneka ngati mabomba.

Kodi ndi mfuti yanji?

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa kachotsedwe ka thabwa, mtundu wa zipolopolo ndi mtengo wake zonse zidalira yankho la funso limeneli. Pukutani ndi kansalu konyowetsa parafini, walitsani tochi cham'mbali osati molunjika, ndipo jambulani ndi foni chilembo chilichonse musanachite china.

Zambiri zimene zimapezeka kuno ndi za banja la Lee-Enfield, zija aliyense amangoti .303. Zimadziwika ndi magazini ya zipolopolo 10 yolendewera pansi, ndi thabwa la magawo awiri, la kuthako ndi la kutsogolo, lolekanitsidwa ndi chibangili chachitsulo pamene dzanja limagwira.

Ngati thabwa likufika mpaka kumapeto kwa mpope, mphuno yake n'kukhala yobuntha yovala chitsulo, ndipo choyezera chili pakati pa mpope, muli ndi SMLE, imene pambuyo pake inatchedwa No. 1 Mk III. Inayamba mu 1907. Kwezani chogwirira cha bolt muyang'ane pa chibangili chija mbali ya kumanja. Mudzaona chisoti chachifumu, pansi pake zilembo za mfumu, ER kapena GR, kenaka fakitale ndi chaka. ENFIELD, BSA ndi LSA ndi za ku England, LITHGOW ndi ya ku Australia, ISHAPORE, GRI kapena RFI ndi za ku India. Kanyenyezi kotsatira III kakusonyeza mtundu wopeputsidwa umene unayamba pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kuti azipanga mofulumira.

Ngati mpope watulukira pang'ono kutsogolo kwa thabwa ndipo choyezera ndi kabowo kosuzumira kumbuyo pafupi ndi diso, imeneyo ndi No. 4, ya kuyambira 1941. Zilembo zake zili kumanzere, ndipo kawirikawiri n'zosazama, zongolembedwa ndi kasingano kamagetsi, choncho sandipepala amazimeza kamodzin'kamodzi. ROF(F) ndi Fazakerley, M47C ndi BSA ya ku Shirley, LONG BRANCH ndi Canada, ndipo yolembedwa U.S. PROPERTY inapangidwa ndi Savage ku America. Yaifupi yokhala ndi kamwa ngati fanulo ndi No. 5, ya 1944 mpaka 1947.

Samalani ndi imodzi. Ku Ishapore m'zaka za m'ma 1960 anapanga 2A ndi 2A1, zooneka ngati SMLE koma za zipolopolo za 7.62, ndipo magazini yake ndi yamakona. Ena anasandutsanso ma SMLE akale kukhala a .410, a chipolopolo chimodzi, opanda mizere m'mpope. Munthu akangoona maonekedwe n'kunena kuti ".303 iyi" akhoza kulakwa.

Yopanda bolt, yokhala ndi chogwirira pansi chimene ukachitsitsa chitsulo cha pamwamba chimagwa n'kutsegula khomo, ndi Martini. Martini-Henry yoyamba ndi ya 1871, ya chipolopolo chachikulu cha .577/450 ndi wonga wakuda, ndipo zina zinasinthidwa kukhala za .303. Cha kumalire mukhozanso kukumana ndi Mauser-Vergueiro ya Apwitikizi ya 1904, yokhala ndi chisoti ndi zilembo za mfumu yawo Carlos.

Tsopano zilembo zing'onozing'ono, zimene ndi zofunika kuposa dzina la fakitale. Kamuvi ka nthambi zitatu ndi chidindo cha katundu wa boma la Britain. FTR ndi chaka zikusonyeza kuti inabwerera kufakitale kukakonzedwa yonse. DP ndiye chilembo choopsa: mfutiyo anaichotsa pa zowombera n'kuisiyira ntchito ya perete basi, nthawi zambiri chifukwa anaipeza ndi chilema. Mukaona DP pa chitsulo kapena pa thabwa, nkhani yowombera yathera pomwepo, ngakhale ioneke bwino chotani.

Nambala ya mfuti fufuzani pa thupi lake ndi kumbuyo kwa chogwirira cha bolt. Zikafanana, bolt ndi yakeyake. Zikasiyana, inachokera ku mfuti ina, ndipo tidzabwererako kumapeto. Nambalayo musaikwechepo ngakhale pang'ono. Mfuti yofufutika nambala imakusandutsani woganiziridwa mlandu ngakhale mutakhala ndi mtima woyera.

Pafupifupi banja lililonse limati agogo anabwera nayo kuchokera ku Burma. N'zoona kuti amuna a kuno, pamene Chipata inali Fort Jameson, analowa mu Northern Rhodesia Regiment imene inakhazikitsidwa mu 1933, ndipo anakamenya nkhondo ku Somaliland, Madagascar ndi Burma. Koma msilikali akamatsika ntchito mfuti ankabweza, inali ya boma. Zambiri zinafika m'midzi pambuyo pake, zogulitsidwa m'masitolo zitatha ntchito ya usilikali. Chitsulo chimanena chokha: ngati pali chisoti ndi BNP, ndi manambala onga .303 2.222 18.5 TONS, mfutiyo inayesedwa ku Birmingham kuti igulitsidwe kwa anthu wamba, ndipo chidindo cha BNP chinayamba mu 1954. Sikuti agogo ananama za nkhondo. Mwina anagula mfuti yonga imene ankanyamula. Komano mukapeza kandalama kamkuwa pa thabwa la kuthako kolembedwa KAR (King's African Rifles) kapena NRR (Northern Rhodesia Regiment), muli ndi chinthu cha mbiri, ndipo ine ndikanalankhula ndi a nyumba zosungira zakale, monga Livingstone Museum kapena Moto Moto ku Mbala, ndisanamasule sikuruwu ngakhale imodzi.

Masikuruwu akukana, thabwa silikuchoka

Masikuruwu a Enfield ali ndi mazinga awoawo, si a metric. Mukadula imodzi simukaipeza ku Down Shops kapena ku Kapata m'tauni ya Chipata. Choncho mankhwala ake ndi nthawi. Donthezani parafini, kapena parafini wosakaniza ndi oyilo wofiira wa giyabokosi, m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Tokosani dothi la m'kamzere ka mutu wa sikuruwu ndi singano. Sikuludiraiva muisule ndi tupa mpaka idzaze kamzereko m'lifupi ndi m'litali momwe, chifukwa yaing'ono ndiyo imatafuna mutu. Igogodeni pang'ono pachigwiriro, yesani kumanga kaye pang'ono, kenaka masulani. Yakana, donthezaninso mudikire.

Pa SMLE pali msampha umene wang'amba mathabwa ambiri. Bawuti yaitali yogwira thabwa la kuthako ili ndi nsonga yamakona anayi imene imalowa m'kachitsulo ka m'thabwa la kutsogolo. Mukayamba kumasula ya kuthako, nsongayo imakankha kachitsuloko ndipo thabwa la kutsogolo limasweka kumbuyo. Yambani ndi kutsogolo: chitsulo cha pamphuno, lamba wa pakati, kasikuruwu kobisika pansi pa thabwa, chotchinga chokhethemulira, kenaka tsitsani thabwalo molunjika kuyambira kumbuyo, osalikoka ndi kumphuno. La kuthako limabwera pomaliza, ndipo pobwezera ndilo limayamba. Timathabwa ta pamwamba pa mpope n'topyapyala kwambiri, tigwireni ngati n'kotheka ndi manja awiri.

Ngati pena pamangidwa malegeni kapena waya wa m'mudzi, chotsani, pansi pake m'pamene madzi amakhala. Zidutswa zonse ikani m'mbale imodzi, ndipo jambulani pa sitepe iliyonse.

Dzimbiri la kunja

Siyanitsani mitundu iwiri. Chitsulo chosalala cha mtundu wa khofi, chosadetsa chala, chilibe vuto. Ndi ukalamba wake, chisiyeni. Lofiira, lokhakhala, lotsalira pa chala, ndilo lamoyo.

Ngati ndi lochepa, nyowetsani ndi parafini usiku wonse, kenaka palani ndi kachidutswa ka mkuwa, monga paipi ya kopa yophwanyidwa kunsonga. Mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo, umathyola nkhanambo za dzimbiri osakanda pansi pake, ndipo mizere yachikasu imene umasiya imachoka ndi oyilo. Malizani ndi steel wool wosalala kwambiri, wa 0000, wonyowa ndi oyilo, dzanja lopepuka. Uja wokwechera mapoto ndi waukali, amachotsa ndi utoto wakuda wa fakitale womwe.

Ngati dzimbiri lakuta paliponse, njira yabwino ndi yowiritsa, ngakhale imadabwitsa anthu kuti chitsulo chadzimbiri achiikenso m'madzi. Dzimbiri lofiira likawira limasanduka lakuda, lolimba, lomatirira pa chitsulo, ndipo lakudalo ndi mtundu womwewo wa utoto umene mfuti zakale ankazidetsera. Chotsani thabwa lonse, tsimikizani kuti m'kati mulibe chipolopolo, sukani oyilo yense ndi madzi otentha a sopo. Pezani chomwera chachitali chachitsulo, amisiri a malata akhoza kukupindirani cha mita imodzi. Thirani madzi a mvula, chifukwa a pa mjigo ambiri ali ndi miyala yosungunuka imene imasiya mawanga. Wiritsani kwa mphindi 30 kapena 45. Chivuuleni chili chotentha, chimauma chokha. Pamwamba padzakhala fumbi lakuda ngati mwaye, lipukuteni ndi steel wool wouma. Pakatsala pofiira, wiritsaninso. Mukakhutira, chinyikeni m'parafini kuti achotse madzi obisala m'makona, mawa lake pukutani ndi kudzoza oyilo.

Vinyo wosasa, asidi wa batire, Coca-Cola ndi mankhwala ochotsa dzimbiri a m'botolo amachotsa dzimbiri, inde, koma amachotsanso utoto wonse n'kusiya chitsulo chotuwa chimene chimachita dzimbiri mawa lake lomwelo. Burashi ya waya ya pa giraindala imazungulitsa makona ndi kufufuta zilembo. Maenje amene dzimbiri linakumba sadzatsekeka, ndipo kuwatsata ndi tupa n'kungochepetsa chitsulo. Mukapeza penti wakuda pa No. 4 kapena pa ya ku India, kapena wobiriwira pansi pa thabwa, musathamangire kumupala. Penti wotere ankamupaka dala kufakitale kapena kuusilikali poteteza chitsulo.

M'mpope: pamene dzimbiri limabwererabwerera

Apa ndi pamene pagona nkhani. Zipolopolo zakale za usilikali za .303 zinali ndi mankhwala a potassium chlorate m'kachitsulo kakumbuyo kamene kamayatsa wonga. Akapsa amasiya potassium chloride, umene ndi mchere, m'litali monse mwa mpope. Mukudziwa mmene mchere wa m'mbale umanyowera wokha m'nyengo ya dzinja ngakhale palibe wauthira madzi. Wa m'mpope umachitanso chimodzimodzi. Oyilo sasungunula mchere, amangouphimba. Chilimwe chonse zinthu zimaoneka bwino, kenaka mvula ya Disembala ikabweretsa chinyezi mcherewo umakoka madzi pansi pa oyilo, dzimbiri n'kuphuka. Ndiye chifukwa chake kuwonjezera oyilo sikuthandiza.

Asilikali ankadziwa zimenezi. Akatha kuwombera ankathira madzi owira m'mpope ndi fanulo. Chitani zomwezo. Chotsani bolt, lozetsani mpope pansi m'ndowa, thirani malita awiri kapena atatu a madzi owira kuchokera kumbuyo, osalola kuti alowe m'thabwa. Gwirani ndi chisanza, mpope umatentha. Ukadali wotentha pititsani tinsalu touma mpaka tituluke topanda chinyezi, kenaka ka oyilo. Bwerezani kuyang'ana patapita masiku atatu, ndiponso patapita sabata. Kansalu kakatuluka kofiira, mchere ukadalipo m'timaenje, thiraninso madzi.

Musanathire madzi, suzumirani kaye kuchokera kumbuyo bolt itachoka. Ngati simukuona kuwala, mwatsekeka. Kawirikawiri ndi dothi la mavu aja omanga timiphika, kapena chisanza chimene wina anatsekera pakamwa n'kuiwala. Dothi limafewa ndi madzi. Chisanza chimafewa ndi parafini n'kutuluka ndi ndodo yamkuwa. Ndodo yamtengo imathyokera m'kati n'kuwonjezera vuto, ndipo nsimbi ya konkire imakanda mizere. Chimene chakana njira izi chipite kwa wodziwa mfuti. Kuyesa kuchotsa chotsekacho powombera ndiko kumaphulitsa mpope m'manja.

Tsegulani kachitseko ka pa chitsulo cha kuthako. Mwamwayi mukhoza kupezamo kabotolo kamkuwa ka oyilo ndi chingwe chokhala ndi kamkuwa kunsonga, chokokera kansalu m'mpope. Chingwe chakalecho sungani ngati chikumbutso, chawola ndipo chikadukira m'kati mudzalira. Pogwiritsa ntchito chatsopano, kokani molunjika, chisakhuze m'mphepete mwa kamwa, chifukwa chingwe chamchenga chimadya chitsulo mbali imodzi. Ngati muli ndi ndodo ndi burashi yamkuwa ya saizi ya .303, lowetsani kuchokera kumbuyo.

Mukatsuka, muyenera kuona mizere yopota. Enfield zambiri zili ndi isanu, yopotera kumanzere. No. 4 zina za nthawi ya nkhondo zili ndi iwiri yokha, ndipo si kutha, anazipanga choncho. Mpope wakuda koma wa mizere yooneka ndi wamba pa mfuti ya zaka zimenezi, sudzawalanso ngakhale mukweche mwezi wathunthu. Choopsa ndi mphete yakuda yozungulira pamalo amodzi m'kati, kapena kutupa kumene chala chimamva mukachiyendetsa kunja. Apo mpope unafufuma, ndipo watha ntchito.

Thabwa lada, likutuluka oyilo, kapena lafumbwa

Thabwa lakuda lofewa pafupi ndi chitsulo lamwa oyilo wa injini kwa zaka zambiri, ndipo oyilo wotere amaoletsa mtengo. Likulungeni m'nyuzipepala kapena m'phulusa losefa, liikeni m'pulasitiki wakuda padzuwa la Okutobala kwa maola angapo, lipukuteni, mubwerezenso mawa. Oyilo amatuluka ngati thukuta. Musalinyike m'madzi, limapindika, ndipo musalikweche ndi sandipepala chifukwa pa thabwa palinso zidindo. Litsiro la pamwamba limachoka ndi kansalu ka linseed wosakaniza ndi turpentine.

Linseed ndiye mafuta amene mathabwa amenewa ankamwetsedwa. Amapezeka m'masitolo a penti. Madontho ochepa pachikhatho, tikitani mpaka thabwa lifunde, dikirani theka la ola, pukutani onse otsala. Kamodzi pa tsiku kwa sabata n'kokwanira poyamba. Vanishi ayi. Amanyezimira ngati kabati ya pabalaza, amatsekera chinyezi m'kati, ndipo amagwetsa mtengo wa mfutiyo kwa aliyense woidziwa. Zisanza za linseed musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi.

Timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa ndi tizilombo tofumbwa mtengo. Kutentha kwa m'pulasitiki muja kumathandiza kutipha. Mng'alu woyera umamatika ndi guluu wa epoxy, koma woyamba wachotsedwa oyilo, apo ayi sagwira. Ngati chiswe chadya kwambiri moti mmisiri akuti akusemereni lina la mlombwa, msiyeni aseme, koma lakalelo musataye. Ndipo dziwani kuti pa Enfield kumbuyo kwa thabwa la kutsogolo ndiko kumalandira kugunda kwa mfuti, choncho thabwa losakhala bwino pamenepo limasweka.

Bolt ikulimba

Ngati ikuyenda bwino koma ikulimba pa kukankha komaliza, palibe cholakwika. Enfield imakoka sipuling'i yake potseka, osati potsegula. Ngati ikulimba ulendo wonse, ndi girisi wakale wouma kapena mafuta ophikira. Saladi amauma n'kusanduka ulimbo, ndipo ndaona anthu ambiri akumudalira chifukwa ali pafupi. Nyikani bolt m'parafini masiku awiri, tsukani ndi mswachi wakale, pukutani, dontho limodzi kapena awiri a oyilo. Musasule chilichonse pa bolt kapena pa zitsulo za chokhethemulira kuti zifewe. Zimenezo n'zimene zimachititsa mfuti kulira yokha.

Kusunga kuti lisabwerenso

Yang'anani chimene chili pafupi ndi mfutiyo. M'nyumba zambiri chipinda chokhoma ndi chimodzi, ndipo m'menemo ndi mmene mumakhalanso matumba a urea ndi D compound kuyembekeza mvula. Fetereza amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo, onani mmene wilibala yonyamulira imathera. Thumba la mchere, batire ya sola ndi khoma lonyowa n'chimodzimodzi. Chikwama chachikopa, bulangete, chitenje ndi saka zimasunga chinyezi pa chitsulo. Kukulunga mfuti n'kuiika pansi pa bedi pa simenti ndiko kuiitanira dzimbiri.

Malo ake ndi kabati yachitsulo yokhoma, yokwezedwa pang'ono kuchoka pansi, m'chipinda chouma. Bolt ndi zipolopolo zikhale kwina, kokhomanso, kumene ana safika. Iimikeni mpope wolozetsa pansi pa kathabwa kuti oyilo asatsikire m'thabwa la kuthako. Pakamwa musatseke ndi chisanza. Ngati mavu akuvutitsa, kabati yotseka bwino ndiyo yankho.

Oyilo wa makina osokera ndi wabwino ngati wa mfuti palibe, ndipo wochepa, wongoti chitsulo chisaume. Oyilo wakuda wochotsa mu injini ali ndi asidi ndi litsiro. Pa chitsulo chobisika pansi pa thabwa pakani Vaseline wopyapyala musanabwezere. Kunja phula la njuchi losungunula ndi turpentine limakhalitsa kuposa oyilo. Thukuta la m'manja nalonso ndi mchere, choncho mlendo aliyense akaigwira, pukutani. Kuyambira Novembala mpaka Epulo itulutseni kamodzi pa mwezi, pititsani kansalu koyera m'mpope muone mtundu wake. M'chilimwe kamodzi pa miyezi itatu n'kokwanira.

Zipolopolo zakale zimene mwapeza pamodzi ndi mfuti, zobiriwira kapena zong'aluka pakhosi, musazitsuke ndipo musaziponye pamoto wa zinyalala kapena m'chimbudzi. Kaperekeni kupolisi.

Kodi iwombanso?

Funso limeneli silingayankhidwe pakhonde. Mfuti yoyera si mfuti yotetezeka. Pakati pa nkhope ya bolt ndi kumbuyo kwa chipolopolo pali mpata umene umayezedwa ndi tizitsulo tapadera, ndipo kusiyana kwa wabwino ndi woipa n'kochepa kuposa kukhuthala kwa chikhadabo. Ukakula, mkuwa wa chipolopolo umang'ambika ndipo mpweya wamoto umabwerera chakumaso. Pa No. 4 mitu ya bolt inapangidwa ya masaizi olembedwa 0 mpaka 3 kuti mpatawo uzikonzedwa, ndipo pa SMLE mutu uliwonse ankaulinganiza ndi mfuti yake. N'chifukwa chake bolt ya nambala yosiyana ndi ya mfuti iyenera kuyezedwa isanakhulupiriridwe. Maenje akuya a dzimbiri pa mbali yokhuthala ya mpope, pamene chipolopolo chimakhala, ndi ming'alu pa thupi la mfuti, nazonso zimafuna diso la munthu amene anaphunzira ntchitoyi.

Kumangirira mfuti pamtengo n'kukoka ndi chingwe sikuyesa kanthu. Ikapirira kamodzi sizitanthauza kuti ipirira kachiwiri, ndipo chipolopolo cha .303 chimauluka makilomita oposa awiri, kudutsa minda ndi madimba a anthu. Martini ya wonga wakuda, gogodela, iliyonse ya DP, ndi iliyonse imene inakhala m'nthaka, zitengeni ngati zokumbukira basi. Kudula mpope kapena kusintha kapangidwe kake kukuikani m'manja mwa lamulo, ndipo kusaka nyama kuli ndi chilolezo chakechake cha a Department of National Parks and Wildlife, chosiyana ndi laisensi ya mfuti.

Zotsalazo zipite kwa wokonza mfuti wovomerezeka ndi boma, ngakhale zitatanthauza ulendo wa pa Great East Road mpaka ku Lusaka. Funsani kupolisi za chilolezo chonyamulira musanakwere basi, tengani laisensi, zithunzi za zilembo zija, ndipo mumuuze zonse zimene mwachita pa mfutiyo, kuphatikizapo kuwiritsa ndi sikuruwu iliyonse imene inavuta.